Ndolo pa Khutu la Mabingu

"Za nyumba ya malamulo mundiuza bwino, achimwene. Ine ndafunsa za ndolo. Waboola makutu a ng'ombe zanga ndani?"

Bambo a mapasa anali atanyamula mtengo wotsekera chipata cha khola, ndipo anangoima nawo m'manja, osauika pansi, osaubwezera pamalo pake. Mlongo wawo anali atalowa mpaka pakati pa khola, nsapato zake zoyendera zitamira m'ndowe, dzanja lili pa linunda la Mabingu, nkhunzi yakuda imene malemu mwamuna wake anamusiyira. Pa khutu la nkhunziyo pankalendewera kapulasitiki kachikasu kokhala ndi nambala, kofanana ndi kamene kanali pa ng'ombe ina iliyonse m'kholamo. Anali atakaboolera pamwamba penipeni pa chizindikiro chakale, pamene malemuyo ankadula nsonga ya khutu ngati mchira wa nsomba kuti zake zizidziwika.

Anayamba kumufotokozera modekha, monga momwe iwonso anawafotokozera. Boma linali kukonza lamulo lokhazikitsa komiti yoyang'anira za ng'ombe: misika, dibi, mankhwala, ngakhale mtundu woyenera kuweta. Lamulolo linali lisanadutse, koma mayina a oti adzakhale m'komitimo anali atayamba kale kutchulidwa. Mpando umodzi unali wa alimi ang'onoang'ono. Kungoti wodzaukhala anafunika kukhala ndi ng'ombe zovala ndolo za dzina lake, zofika pa chiwerengero chimene akuluakulu anaika, ndipo zawo zokha zinkaperewera. Ndiye tsiku limene alangizi a ziweto anabwera ndi thumba la ndolo n'kufunsa kuti aveke ziti, iwo anangotambasula dzanja n'kuloza khola lonse.

"Kani wamng'ono amene akumufuna ndi wa khola lodzaza," anatero mlongo wawo.

"Ndi dzina chabe, chemwali. Ng'ombe ndi zako. Mkaka ndi wako, ana a ng'ombe ndi ako, ngakhale ndowe wapondazo, theka ndi zako."

Iye sanaseke.

"Dzina chabe? Ndikatsinzina mawa, ana anga adzabwera pano n'kuloza chiyani? Bambo awo analemba dzina lawo ndi mpeni pamakutu apa chifukwa ankadziwa kuti pakamwa pa munthu pamasintha. Inu mwabwera kudzalemba pamwamba pake."

Kuseri kwa khola, kumene ankatsuka zidebe za mkaka, mai a mapasa analowerera osadzutsa mutu. Anati iwo ananena tsiku lomwelo kuti nsalu yobwereka sithetsa usiwa, koma amuna awo, a Tcheya, anali atayamba kale kuyenda ngati munthu wa mpando, ndipo munthu wa mpando samva mawu ochokera ku zidebe.

"Mai a mapasa, nkhaniyi ndi ya ine ndi mlongo wanga."

"N'chifukwa chake ndikuyankhula ndi zidebe, bambo."

Chimene chinkawawawa bambo a mapasa n'chakuti onse awiri sankanama. Mlongo wawo anabweretsa ng'ombezo kwa iwo maliro atangotha, khola lake litagwa mbali imodzi, akuba akuyendayenda. Anazipereka m'manja mwa mchimwene wake monga mmene munthu amaperekera mwana kwa womulera. Ndipo mwa zonsezo, Mabingu ndiye anali khasu lake. Mayiyo analibe ng'ombe zapagoli. Koma aliyense amene ng'ombe yake yaikazi yayamba kufuna yamphongo ankaikokera kwa Mabingu, ndipo mvula ikagwa, yemweyo ankabwera ndi ng'ombe zake zapagoli kudzamugaulira munda wamasiyeyo. Panalibe chosainirana. Anthu ankangodziwa kuti amene wamwa mkaka wa ng'ombe yoberekera kwa Mabingu ali ndi mzere wake m'munda muja.

"Msonkhano womva maganizo a anthu ukangotha ndizichotsa ndi manja angawa," analonjeza. "Chibale ndi fupa, chemwali, sichiola."

"Sichiola, koma chimathyoka," anayankha, akutuluka m'kholamo ndi kupukuta nsapato pa udzu. Ananenanso kuti wayamba kudula mitengo yokonzera khola lake, ndipo likangoima, zake azitenga.

Amene anawapatsa nzeru ya mpandoyo anali mwini famu yaikulu ya kutsidya kwa msewu, amene anthu ankangomutcha Wamawaya chifukwa cha mipanda yake. Masiku amenewo galimoto yake inazolowera pakhomo pawo. Ankatsika, kuvula chipewa, kuwapatsa moni wa manja awiri mai a mapasa, kenaka n'kutsamira pa khola ndi kuyamba kuyamikira. Ankati alimi ang'onoang'ono akusowa munthu wa mutu wozizira, woti akaimirira pamaso pa aphungu asachite chibwibwi, ndipo m'dera lonselo iye waona mmodzi yekha. Bambo a mapasa, amene moyo wawo wonse mpando waukulu umene anaukhalapo unali wa pangolo, ankamva kutentha kokoma m'chifuwa.

Tsiku lina Wamawaya anayang'anitsitsa Mabingu n'kupukusa mutu. Anati nkhunzi zachikuda ngati imeneyo ndizo zikubwezera dziko m'mbuyo: ana ake timiyendo tating'ono, mkaka wosadzaza ndi kapu yomwe. Komiti ikadzakhazikika, alimi azidzapititsa ng'ombe zawo kwa nkhunzi zamakono, zonga zimene zinali pafamu pake, pa mtengo wabwino ndithu. Bambo a mapasa ankadziwa kuti ana a Mabingu ndiwo anapulumuka chaka cha chilala, pamene zamakono zinkagona m'mbali mwa mawaya. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali chakuti, zoonadi bwana.

Galimoto itapita, akazi awo anawafunsa ngati anamvapo kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Iwo anati azimayi amaona mdani paliponse. Mai a mapasa anavomera kuti n'zoona, pajatu azimayi ndiwo amasesa pakhomo, ndiye amadziwa mapazi a aliyense amene wapondapo.

Msonkhano unachitikira mu holo ya pasukulu. Aliyense amene ng'ombe zake zinavala ndolo anapatsidwa ndolo imodzi yotsala, yomangirira ku kachingwe, kuti aivale m'khosi ngati chiphaso cholowera. M'mawa umenewo mai a mapasa, powasitira malaya, anawayang'ana n'kunena kuti bola iwo sanawaboole khutu.

Pakhomo pa holo panali gulu la amene analibe kachingweko: nkhalamba za ng'ombe imodzi kapena ziwiri zimene alangizi anali asanazifikire, azimayi osungitsa ziweto kwa abale, anthu obwereka ngolo. Mlonda ankawabweza mwaulemu, akuti lero n'kwa eni ng'ombe. Bambo a mapasa atakhala pa benchi yakutsogolo, anamva mawu amene ankawadziwa kuyambira ali mwana.

"Ng'ombe ndili nazo, bambo. Nkhunzi imene inabereka theka la ng'ombe za anthu alowawa ndi yanga."

"Ndolo ili kuti, mayi?"

Anacheuka. Mlongo wawo anali ataima pakhomo, atavala zovala zake zabwino, ndipo maso ake anawapeza pakati pa mitu yonseyo. Sanawaitane. Anangoyang'ana kachikasu kamene kanali pachifuwa pawo. Zikanatheka kuimirira n'kunena kuti mulekeni alowe, ndolo ndavalayi theka ndi yake. Koma Wamawaya anali atawagwira bondo, akuwanong'oneza dzina la mlendo wamkulu, ndipo pamene anacheukanso, pakhomo panali mlonda yekha.

Alendo ochokera ku nyumba ya malamulo anawerenga ndime ndi ndime. Atafika pa ndime ya mtundu wa ng'ombe, yonena kuti komiti idzakhala ndi mphamvu yolamula kuti nkhunzi zachikuda zifulidwe, mu holo munamveka kung'ung'udza. Mlendo wamkulu anavula magalasi n'kufunsa ngati alimi ang'onoang'ono angavomere zimenezi, poti iye sakufuna kukanena bodza kumene anachokera. Wamawaya anaimirira n'kunena kuti mlimi wamng'ono woona patali ali pomwepa, ndipo ngwokonzeka kupereka chitsanzo ndi nkhunzi ya m'khola lake lomwe.

Manja anaombedwa iwo asanayankhule. Anapezeka ataimirira, chipewa chili m'manja. M'khola mwawo munalibe nkhunzi ina; zawo zamphongo zonse zinali zofula kale, zapagoli. Koma anadziuza kuti awa ndi mawu a pamsonkhano, lamulo silinadutse, alendo akakwera magalimoto awo aiwala. Anati ndi okonzeka. Mlendo wamkulu anakondwa kwambiri, n'kunena kuti chinthu chokoma chotero sichiyenera kungomveka, adzabweranso sabata yotsatira ndi ojambula kuti dziko lidzaone.

Kunyumba mai a mapasa sanawanyoze, ndipo zimenezo zinawaopsa kuposa chipongwe. Anangowauza kuti apite kwa mlongo wawo, akamuuze, adzatenge nkhunzi yake kusanachitike kanthu. Manyazi a tsiku limodzi pamaso pa alendo saposa munda wogonera chaka chonse.

Anapitadi. Anamupeza mlongo wawo akukumba maenje a khola latsopano, thukuta lili kamukamu, mitengo ili mulu pambali. Mayiyo za ku holo sanazitchule. Anawapatsa mpando pamthunzi, anawatungira madzi akumwa, n'kuwafunsa ngati mapasa akulemba bwino mayeso kusukulu yogonera kumene anali. Kenaka anayamba kuwauza, nkhope itawala pang'ono, kuti chaka chino zikhala bwino: mmisiri wa njinga wanena kuti ng'ombe yake yayandikira, abweretsa kwa Mabingu, ndipo ena awiri a kumunsi nawonso alonjeza. Akatero ndiye kuti munda wonse ugaulidwa mvula yoyamba, mpaka kachigawo ka kudambo kamene kanagonera chaka chatha.

Mawu anali atafika pammero. Anameza madzi, mawuwo anatsika nawo limodzi. Anatenga chokumbira m'manja mwake n'kumukumbira maenje otsalawo mpaka dzuwa litapendeka, mwamphamvu ngati wolipidwa. Mlongo wawo anawathokoza, nati kani achimwene ake akadalipo.

Panjira anakonza nzeru zambiri. Adzabwereka kankhunzi kwa munthu n'kukaveka ndolo. Adzanena kuti Mabingu wadwala. Adzamutulutsa m'mamawa n'kukamusiya kudambo, alendo adzapeze khola lopanda nkhunzi. Koma dzulo lake la tsikulo Wamawaya anaima pamsewu, osatsika n'komwe, n'kuwakumbutsa kuti yakuda ija isatuluke, pajatu dzina lawo lili kale pakamwa pa mlendo wamkulu. Ndipo m'mawa mwake, potulutsa ng'ombe, bambo a mapasa anabweza Mabingu ndi ndodo n'kutseka chipata. Nkhunziyo inawayang'ana modabwa, poti tsiku lililonse ndiyo inkatsogolera.

Magalimoto anafika dzuwa litakwera. Antchito a Wamawaya anakola Mabingu miyendo ndi zingwe, anavutika naye kwa kanthawi, mpaka anagwa ndi mbali, fumbi kobo. Mmodzi anamukhalira pakhosi. Ojambula ankauza anthu poti aime. Mai a mapasa analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Alangizi anagwada pafupi ndi mutu wa nkhunziyo, chitsulo chofulira chili pambali. Anali munthu wachikulire amene anabayapo Mabingu jakisoni ali wamng'ono, kukhola kwa malemu. Anagwira khutu, chala chawo chikuyenda pa mchira wa nsomba uja, n'kuwakodola bambo a mapasa kuti awerame.

"Ndolo ikuti ndi yanu," ananong'ona. "Khutu likunena zina. Nditsatire chiti?"

Bambo a mapasa anaona nsapato zonyezimira za mlendo wamkulu zitaima m'mphepete mwa ndowe. Anaona Wamawaya akumwetulira. Anaona diso la Mabingu, lofiira, likuwayang'ana kuchokera pansi.

"Tsatirani ndolo."

Alangizi anawayang'ana pang'ono, kenaka anatembenukira ku ntchito yawo. Chitsulo chitapana, Mabingu analira. Sikunali kulira kuja kumene kunamupatsa dzina, kogwedeza khola m'mawa. Kunali kulira kwakutali, kong'ambika kumapeto. Chitsulo chinapananso mbali inayo. Anthu anaomba m'manja, mlendo wamkulu anawagwira chanza bambo a mapasa kwa nthawi yaitali kuti ojambula akhutire, nawauza kuti mpando wa alimi ang'onoang'ono wapeza mwini wake.

Fumbi la magalimoto linali lisanakhazikike pamene bambo a mapasa anaona anthu awiri akubwera m'kanjira ka kumunsi. Kutsogolo kunali mlongo wawo, akuseka. Kumbuyo kwake mmisiri wa njinga ankakoka ng'ombe yake yofiira pa chingwe, ndipo ng'ombeyo inkafulumira kuposa mwini wake.

Atafika pa khola anaima. Mabingu anali atadzuka, miyendo yakumbuyo itatangadza, mutu uli pansi, thupi likunjenjemera. Zingwe zinali zikadali pansi. Ng'ombe yofiira inalira, nkhunziyo sinadzutse mutu n'komwe. Mmisiri wa njinga, munthu wolongolola pa chilichonse, anakanda m'mutu, napereka moni wachidule, n'kutembenuza ng'ombe yake. Anavutika kuikoka.

Mlongo wawo analowa m'khola, nagwada pambali pa Mabingu, nayamba kumuchotsa ndowe zouma m'nthiti ndi chikhatho. Anachita zimenezo mpaka mbali yonse inayera. Bambo a mapasa anayamba kuyankhula kumsana kwake. Anati anapanikizika. Anati munda adzaugaula okha ndi ng'ombe zawo, wonse, mpaka kudambo. Anati akadzakhala m'komiti adzaimenya ndime imeneyo kuti isavutitse wina aliyense.

"Tsiku lija mumandikumbira maenje, munali mukudziwa?"

"Ndinali ndikudziwa."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga munthu amene wapeza pamene dengu likudonthera.

"Munda mudzagauladi chaka chino, achimwene, chifukwa manyazi akadali aawisi. Chaka chamawa adzakhala atapola, mudzakhala muli ku misonkhano. Ine sindinkapempha munthu. Anthu ankabwera okha m'munda mwanga, akuimba malikhweru, chifukwa nanenso ndinali ndi chowapatsa. Lero mwandisandutsa wodikira chifundo. Ndipo wa njinga uja, ng'ombe yake aipititsa kuti? Alowa pa chipata cha mawaya, chipewa chili m'manja. Ameneyo ndiye munkati mukukamuimirira."

"Ndidzayankhula, chemwali. Ndikulonjeza."

"Pakamwa munali napo lero."

Masiku otsatira bambo a mapasa sanapite kulikonse. Ankamwetera Mabingu udzu wa kudambo, kumutungira madzi, kumuingitsa ntchentche pa chotupacho. Wamawaya anadutsa kamodzi, ndipo atamva kuti ng'ombe zina zichoka m'kholamo anaseka, nati zisawadetse nkhawa: ndolo zagwira kale ntchito yake, dzina lapita, ngakhale atatsala ndi mbuzi yokha mpando ndi wawo. Mai a mapasa anasiya kuwatcha a Tcheya. Ankangowaikira chakudya n'kuchokapo, ndipo iwo analakalaka chipongwe chija chitabwerera.

Kutupa kutachepa, mlongo wawo anabwera ndi ndodo, khola lake lisanathe n'komwe mbali imodzi. Bambo a mapasa ananola mpeni n'kuyamba kudula ndolozo okha, ng'ombe ndi ng'ombe, akuziponya m'thumba la malaya. Khutu lililonse linkatsala ndi kabowo kozungulira, koonekera kuwala, pamwamba pa mchira wa nsomba. Atafika pa Mabingu, mlongo wawo anagwira nyanga kuti asamucheke. Aka kanali koyamba kuti agwire chinthu chimodzi kuyambira tsiku lija.

Mai a mapasa anatuluka ndi chidebe chaching'ono cha mkaka wa m'mawa n'kumupatsa mlamu wawo, nati uwu ndi wa ng'ombe yanu yamaanga, ndi wanu. Kenaka anamuuza motsitsa mawu kuti yamaangayo ikuoneka kuti ili ndi bere, aziiyang'anira, mwina Mabingu anasiyamo kanthu. Mlongoyo anaika dzanja pamimba pa ng'ombeyo.

"Akadzabadwa wamphongo, alamu, mudzamva kwa anthu," anatero. "Musadzawauze a komiti."

Ng'ombe zinatuluka imodziimodzi. Pachipata zinaima, zikudikira wotsogolera monga mwa masiku onse, koma Mabingu anatuluka pomalizira, akuponda mosamala, ndipo yamaanga ndiyo inayamba ulendo. Mayiyo sanamumenye kapena kumufulumizitsa. Anayenda pambali pake, pa liwiro lake, chidebe chili kudzanja limodzi, ndodo ili kukhwapa.

Bambo a mapasa anawatsatira mapazi angapo. M'mbuyo mwawo ng'ombe zawo zochepazo zinayamba kulira ndi kukankhana kulowera pachipata, poti zinali zitazolowera kudya limodzi ndi zinzawo. Mlongo wawo anamva phokosolo, nacheuka kamodzi.

"Tsekani chipata, achimwene. Zanu zingatitsatire."

Anabwerera, nanyamula mtengo uja n'kuubwezera pamalo pake. Powerama, ndolo za m'thumba zinakhuthukira m'ndowe, ndipo anagwada kuyamba kuzitola.